Anselmo Alowa mu Kanema wa Kachewere

Anselmo Kamtedza anabwerera kwa Kaphuka m'chaka cha 1978, atakhalitsa ku Zambia. Anatsika basi ali ndi gitala, sutikesi imodzi ndi mutu wometedwa mwa zigambazigamba. Tsitsi lake, limene ankati linali litakwera ngati chulu, anam'meta pachipata cha dziko ku Mchinji, chifukwa masiku amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali sankaloledwa kulowa m'Malawi. Mathalauza ake otambalala kumapazi anali oletsedwanso. Anakawachepetsa kwa telala ku Dedza boma, ndipo telalayo anapitirira muyeso, moti Anselmo ankayenda ngati mbuzi yomangidwa miyendo.

Kwawo kunali ku Kasina, kumene anaphunzira kuimba m'kwaya ya ku mishoni. Kwa Kaphuka anali mkamwini. Popita ku Zambia anasiya mkazi wake Dorika ndi ana atatu, womaliza ali kumsana, ndipo zaka zonsezo chimene chinabwera kuchokera ku Zambia chinali chithunzi chimodzi cha Anselmo atanyamula gitala kutsogolo kwa galimoto ya munthu wina. Dorika analera anawo ndi mbatata ya kachewere. Munda wake unali kutsetse kwa phiri, mizere yake yowongoka, ndipo ogula ochokera ku Lilongwe ankafika pakhomo pake asanapite kwina.

Kunena zoona, Anselmo mawu anali nawo. Nyimbo yake imodzi inamvekapo pa wayilesi, nyimbo yonyengerera mtsikana:

Usandithamangitse, Rozi,
mawa kuliponso,
dzuwa silithawa.

Koma iye sankakamba za nyimboyo. Nkhani yake inali imodzi, m'mawa ndi madzulo, pamowa ndi pamaliro pomwe.

"Ine ndinatuluka pa televizhoni ku Lusaka," ankatero. "Inu kuno simukuidziwa. Ndi bokosi ngati wayilesi, koma lili ndi galasi, ndipo munthu amaoneka akuimba. Dziko lonse la Zambia linandiona."

M'Malawi munalibe televizhoni, choncho panalibe womutsutsa. A Timoteyo, mchimwene wake wa Dorika, munthu wa ngolo ndi ng'ombe ziwiri, anangofunsa tsiku lina kuti, "Nanga alamu, m'bokosimo munalowera pati, ndi msinkhu wanuwu?" Anthu anaseka, ndipo kuyambira pamenepo Anselmo anakhala a Tivi. Iye ankaliyankha dzinalo mokondwa. Pambuyo pake munthu wina wa ku Linthipe amene ankagwira ntchito ku migodi ya ku Kitwe anati pulogalamuyo anaionadi: Anselmo anaima kumbuyo kwa woimba ng'oma akugwedeza maseche, ndipo chimene chinaoneka chinali phewa ndi khutu limodzi.

Abale a Dorika anam'patsa kamunda kuti alimeko, monga mkamwini aliyense. Anakabzala tsiku limodzi, nabwerako ndi matuza, nanena kuti zala za woimba gitala ndi khasu siziyenderana. Pofika Febuluwale kamundako kanali chisoso ndi nsongole zokhazokha.

Mwezi womwewo kunabwera galimoto ya Landirova ndi amuna atatu ochokera ku Blantyre. Anali anthu opanga makanema ophunzitsa alimi, aja amene galimoto ya chinsalu ndi mkuzamawu inkazungulira nawo m'midzi. Wamkulu wawo anali a Jerome Nankhuni, munthu wowonda, wa chifuwa cha fodya, amene nkhope yake inkaonetsa kuti wajambula nkhokwe ndi makola ochuluka kuposa mmene ankafunira. Mlangizi wa zaulimi anawatengera kumunda kwa Dorika, ndipo atangoona kachewere ali maluwa oyera mbee, anati afika.

Anselmo anamva ali pa golosale. Anathamangira kunyumba, navala malaya ofiira onyezimira, nafika kumunda gitala ili kumsana.

"Pepani abwana, palibe amene anandidziwitsa kuti mukubwera," anatero akuwagwira chanza. "Ndine Selimo, wa nyimbo ya Rozi. Ntchito yanuyi ndimaidziwa, ndinaigwirapo ku Lusaka."

A Nankhuni anamuyang'ana kuyambira ku nsapato zosongoka mpaka kumutu. Kenaka anafunsa mlangizi kuti tchire linali pafupi ndi mtengo wa pichesilo n'la yani. Atauzidwa, maso awo anawala koyamba tsikulo.

"Bambo, mwina mutithandiza," anatero. "Tikufuna munthu wosiyana ndi alimi enawa. Woti akangooneka, aliyense adziwe kuti uyu ndi khasu anadana kalekale."

"Mwafika pa mwini wake."

"Koma ndikufotokozereni kaye nkhani yake. Ndi ya alimi awiri oyandikana minda. Woyamba..."

"Zimenezo fotokozerani alimiwo," anawadula Anselmo. "Ine mungondiuza poima, ndi kumene kuwala kukuchokera."

A Nankhuni anayang'ana mnzawo wa kamera, wa kamerayo nayang'ana kumwamba ngati akuyesa mvula.

Nyimbo anaijambula pa tepi m'kalasi ya pasukulu, mawindo atatseka, ana atawathamangitsira ku bwalo la mpira. M'mawa mwake anam'goneka Anselmo pansi pa pichesi, chipewa chili pamphumi, gitala pamimba. Tepi inkalira, iye n'kumangoyendetsa milomo popanda kutulutsa mawu. Anthu amene anasonkhana anadabwa kuona munthu akuimba osaimba.

"Umu ndi mmene timachitira kunja," Anselmo anawauza. "Amene sakumvetsa akhale chete, asasokoneze ntchito."

Anafunsa kamodzi kokha chifukwa chimene ankam'jambulira pafupi ndi tchire. Wa kamera anati timaluwa ta chisoso timakongoletsa chithunzi, ndipo Anselmo anavomera kuti nayenso anali ataziona zimenezo. Anadzola mafuta a Dorika a m'botolo mpaka nkhope inachita phuliphuli, wa kamera nam'pukuta ndi mpango chifukwa inkanyezimira mopitirira. Anam'jambulanso pamowa wa masese atanyamula chipanda ndi manja awiri, ndiponso akuvina yekha pakati pa msewu dzuwa lili paliwombo. Akati abwereze, ankabwereza mosanyinyirika. Akati zakwana, ankapempha kubwerezanso, ati mbali yake ya kumanzere ndiyo imatuluka bwino.

Dorika ndiye anawavuta. Anamuuza kuti abandirenso mzere umene anali atabandira kale, kuti kamera ione kuchokera kutsogolo.

"Mzerewu ndamaliza," anatero. "Ngati mukufuna kuona, tiyeni ku winawo. Dzuwa likupita."

"Dorika, usandichititse manyazi pamaso pa alendo," anakuwa Anselmo ali pamthunzi. "Ndipo usamayang'ane kamera ngati ng'ombe yoona basi. Tangoyang'ana mmene ndikuchitira ine."

Dorika anangopitiriza kubandira. Iye nkhani ya kanemayo ankaidziwa, chifukwa a Nankhuni anam'fotokozera iye ndi a Timoteyo tsiku loyamba lomwe, ndipo onse anamvetsera mpaka kumapeto. Madzulo ake a Timoteyo anam'peza akusankha mbewu pakhonde.

"Achemwali, kodi alamuwa tisawatsine khutu? Adzachita manyazi pagulu."

"Ndinawauza kuti akapalire munda wawo, sanamve," anayankha Dorika. "Ndinawauza kuti mwana wawo Yohana alibe yunifolomu, sanamve. Izi ndiye amva? Kawauzeni inuyo, achimwene."

A Timoteyo anapitadi. Anangoyamba kuti, "Alamu, kanemayu..." Anselmo n'kuwagwira paphewa, n'kuwauza kuti nsanje ndi matenda, koma asadandaule, adzawapempherera malo m'kanema wotsatira, mwina oyendetsa ngolo chapatali. A Timoteyo anabwerera kwawo.

Ojambulawo anabweranso nthawi yokumba mbatata. Anajambula Dorika ndi ana ake akudzaza matumba, ngolo ya a Timoteyo ikunyamula. Kenaka anam'patsa Anselmo dengu lopanda kanthu namukhazika pachiunda cha kamunda kake.

"Tsopano ganizani kuti Rozi uja wakuthawani," anatero a Nankhuni. "Mwatsala nokha."

Apa Anselmo anaonetsa luso, sitingam'mane. Anayang'ana m'dengumo, milomo inanjenjemera, misozi yeniyeni n'kutsika. Amayi ena amene ankaonerera anamva chisoni osadziwa chifukwa chake. A Nankhuni anam'gwira chanza mwaulemu, nati pa zaka zonse za ntchito yawo sanaonepo dengu logwiridwa bwino chotero.

Miyezi yodikira kanemayo Anselmo sanaponde pansi. Pa golosale pankagulitsa mtsikana wina dzina lake Jenifa, ndipo Anselmo anam'lonjeza kuti akadzaitanidwa ku Blantyre adzapita naye, chifukwa nkhope ngati yake siyoyenera kufota kuseri kwa sikelo ya mchere. Anapita ku Kasina kukauza abale ake, aphunzitsi ake akale ndi anzake a m'kwaya. Ankayenda ndi magalasi akuda ngakhale tsiku la chiperoni.

Galimoto ya kanema inafika mu Julaye, kukuzizira molasa m'mafupa. Masana onse inazungulira ikulengeza pa mkuzamawu, ndipo dzuwa litangolowa bwalo la sukulu linadzaza, anthu atafunda mabulangete ndi zitenje. Anselmo anabwereka mipando ya kutchalitchi naindandalika kutsogolo. Anakhazikapo alendo ake a ku Kasina, Jenifa kudzanja lake lamanja, iye pakati. Dorika anakhala pansi kumbuyo pamodzi ndi amayi anzake.

Wapampando wa chipani m'deralo anatsegula ndi mawu a nthawi zonse, anthu nayankha monga mwa nthawi zonse. Injini inalira. Kanema woyamba anali wa nkhani za boma, misewu yatsopano ndi amayi akuvina pabwalo lalikulu. Kenaka pachinsalu panaoneka phiri lathu lomwe, ndi munda wa maluwa oyera, anthu n'kukuwa pozindikira malowo.

Mawu a mwamuna wa m'kanemamo anamveka pa mkuzamawu, odekha ngati a mphunzitsi: "Awa ndi Mayi Khama. Amadzuka m'mamawa, amabzala mbewu yosankha, amabandira pa nthawi yake."

Dorika anaoneka atawerama ndi khasu, wamkulu ngati nyumba. Amayi analuluta.

Kenaka gitala inalira. Anselmo anadzuka pampando, natembenukira anthu, nakweza dzanja. Pachinsalu panali iye mwini, chagada pansi pa pichesi, chipewa pamphumi.

"Koma uyu," anatero mawu aja, "ndi mnansi wawo, Bambo Manjalende. Taonani munda wake."

Kamera inachoka pankhope pake pang'onopang'ono n'kukaima pa nsongole. Nyimbo inkapitirira: mawa kuliponso, dzuwa silithawa.

Kunayamba ndi munthu mmodzi kumbuyo, kenaka bwalo lonse linaphulika. Amuna ankamenya pansi ndi zipewa. Agogo ena anatsamwa ndi fodya wa m'mphuno. Manjalende ananyamula chipanda, anthu n'kukuwa kuti "Imwa!" Manjalende anavina pamsewu, mawu aja n'kunena kuti, "Anzake ali kumunda, iye ali apa." Anselmo anali chiimire, dzanja likadali m'mwamba, ngati waiwala kuti n'lake.

Litafika dengu lopanda kanthu ndi misozi ija, iye anathamangira ku galimoto. Anadutsa kutsogolo kwa makina, mthunzi wake n'kuphimba chinsalu chonse.

"Zimitsani! Zimitsani zimenezi! Ali kuti Nankhuni? Anandinamiza!"

"Khalani pansi a Manjalende, mukutitchinga!" anthu anakuwa.

A Nankhuni kunalibe. Kunali dalaivala ndi woyendetsa makina, amene sankam'dziwa n'komwe, koma atam'yang'anitsitsa anayamba kuseka nawonso. Wapampando wa chipani anabwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

"Bambo Kamtedza," anatero motsitsa mawu, "kanemayu watumizidwa kuti aphunzitse anthu chitukuko. Kodi inu mukutsutsana naye? Tinene choncho?"

Masiku amenewo funso lotere linkaziziritsa munthu kuposa chisanu cha Julaye. Anselmo anati ayi, sakutsutsa, kanemayo ndi wabwino kwambiri. Anabwerera kumpando wake. Mpando wa kudzanja lamanja unali wopanda munthu, ndipo alendo a ku Kasina ankayang'ana nsapato zawo.

Kunyumba anam'peza Dorika akuyalira ana.

"Iwe unkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Ndiye unangondisiya ndigwere m'dzenje? Mwamuna wako?"

"Bambo a Yohana, munda uja anajambula ndi wanu. Mowa uja ndi umene mumamwa. Pichesi uja ndi pamene mumagona. Chabodza chinali chiyani? Misozi yokha, chifukwa kuno simunalirepo dengu likakhala lopanda kanthu."

Anselmo anati mawa lomwe abwerera ku Zambia, kumene anthu amadziwa kulemekeza luso. Kutacha sanapite. Anadzitsekera m'nyumba masiku angapo, akutuluka pokhapokha popita kuseri, ndipo ana a pamudzi akamuona ankaimba motsitsa kuti dzuwa silithawa.

Fodya atam'thera anatuluka, koma pa golosale ya Jenifa sakanapita. Anakwera matola mpaka ku Dedza boma, atavala chijasi ndi chipewa chofika m'maso. Galimoto ya kanema inali itadutsa kale kumeneko ndi m'midzi yonse ya m'mbali mwa msewu. Atangolowa mumsika, mayi wogulitsa kabichi anamuloza.

"Anthuni, si a Manjalende awa?"

Msika unam'zungulira. Anselmo anafuna pothawira, koma anaona kuti anthuwo akukankhana kuti amuone bwino. Wina anam'patsa nthochi. Mnyamata wa njinga anam'pempha kuti agwire chiwongolero chake kuti akawauze kwawo. Amayi awiri a ku Mphunzi anati kwawo kanemayo anam'bwereza kawiri anthu atakana kubalalika, ndipo pa dengu paja ena analira. Mwini bala wina anam'kokera mkati, nam'khazika pa tebulo la pakati, nati mowa ndi waulere ngati aimbe ya Rozi.

Anaimba. Bala inadzaza mpaka pakhonde.

Anabwerera kwa Kaphuka tsiku lotsatira chipewa chili m'manja kuti nkhope ioneke. Anauza a Timoteyo kuti anthu a kumudzi samvetsa za kanema: wosewera wamkulu ndi amene amapatsidwa mbali yovuta, ndipo kubandira mzere angathe aliyense.

"Ndani akukumbuka Mayi Khama?" anafunsa. "Pitani ku boma mukafunse."

Kuyambira pamenepo anayamba kutsatira galimoto ya kanema. Akamva kuti ili ku Mayani kapena ku Lobi, ankafika dzuwa lisanalowe, n'kukaima pambali pa chinsalu ndi gitala, kuti anthu ayerekeze nkhope ziwirizo. Akam'nyoza ankawerama ngati am'womberera m'manja. Dzina la Selimo analitaya. Pa gitala analembapo ndi penti yoyera kuti MANJALENDE.

Mvula itayandikira, a Nankhuni anabweranso. Anaima pakhomo pa Dorika akuzungulitsa chipewa m'manja, nayamba kupepesa kuti mwina tsiku lija akanalimbikira kufotokoza.

"Zakale zimenezo," anatero Anselmo. "Mwabwera ndi chiyani?"

A Nankhuni anatsokomola. Anati pali kanema wina, wa zaumoyo. Koma ulendo uno amve kaye nkhani yonse. Ndi ya bambo amene akukana kukumba chimbudzi, amapita kutchire, kenaka banja lonse lidwala m'mimba. Anayesa anthu atatu ku Lilongwe, onse anakana.

Anselmo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati dokotala.

"Pothamangira kutchirepo," anatero, "ndikhale nditagwira thalauza ndi dzanja limodzi, gitala ndi linalo. Anthu adzafa ndi kuseka. Ndipo dzina langa lilembedwe koyambirira, zilembo zikuluzikulu."

"Dzina liti?" anafunsa a Nankhuni.

"Limene anthu akulidziwa."

Dorika anali pakhonde akusenda mbatata. Anaika mpeni pansi.

"Bambo a Yohana, ana anu amapita kusukulu. Chaka chino akhala ana a Manjalende. Chaka chamawa akhale ana a munthu wa kutchire?"

"Adzanyadira akadzakula," anayankha Anselmo, akulowa m'nyumba kukatenga sutikesi.

Anakwera Landirova tsiku lomwelo. Atajambula kanemayo sanabwerere. Ankamveka kuti ali ku Blantyre, akuimba m'mabala ndi kudikira pakhomo pa ojambula kuti mwina patuluka kanema wa mphere kapena wa makoswe. Dorika anatuma a Timoteyo kwa ankhoswe. Ankhoswe a ku Kasina anatumiza uthenga kawiri, ndipo yankho linabwera loti iye ndi wotanganidwa ndi ntchito ya boma, akambirane okha. Anakambiranadi okha, banja n'kutha. A Timoteyo analowetsa ng'ombe m'kamunda kaja, nagalauza nsongole yonse.

Kanema wa chimbudzi anafika kwa Kaphuka chaka chotsatira. Bwalo linadzaza kuposa poyamba. Dorika ana ake anawasiya kunyumba, iye n'kubwera ndi beseni la mbatata yokazinga, nakhala kumapeto kwa bwalo atafulatira chinsalu, akugulitsa. Phokoso la kuseka litakwera, a Timoteyo anabwera akupukuta misozi.

"Achemwali, tatembenukani pang'ono muone mmene alamu akuthamangira."

"Alamu anu ati?" anafunsa Dorika, akuthira mchere pa mbatata ya munthu amene anaima kutsogolo kwake.